Sukulu ya pakhonde ku Mulanje: bolodi, maphatikizo ndi zitsekerero za mabotolo

5 Okutobala 2024: tayamba

Ndine telala, makina anga amakhala pakhonde m'mudzi wina pafupi ndi Chitakale. Ndizilemba pano momwe ntchito yothandiza ana kuwerenga, masamu ndi kulemba pakhomo ikuyendera, pamodzi ndi ndalama zimene zikulowa, kuti amene akufuna kuyamba zoterezi adziwiretu pamene pamavuta.

Ana alipo anayi. Wanga wamkazi wa zaka 6 walowa Sitandade 1 mwezi watha. Wa achemwali anga ndi mnyamata wa zaka 5, akadali ku mkombaphala. Awiri enawo ndi a neba wathu amene amalawira kukatchola tiyi ku esiteti: mtsikana wa zaka 9 amene akubwereza Sitandade 2, ndi mlongo wake wa zaka 6.

Wa zaka 9 uja ndiye wandidzutsa. Anabwera ndi buku la Chichewa, ndinati andiwerengere, ndipo anamaliza tsamba lonse osaphonya, koma maso ali pa nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo. Nditaphimba tsambalo ndi nsalu n'kusiya mawu amodzi okha akuti "mano", anangoti kakasi. Mwanayu ndi wanzeru, wasunga buku lonse m'mutu, koma sadziwa kuti lembo ili liwu lake ndi ili. Aphunzitsi ake sindikuwaloza chala. M'kalasi mwake muli ana opitirira 100, ndipo chichotsere boma fizi ya kupulayimale mu 1994, makalasi oyambirira m'sukulu zambiri ndi odzaza choncho. Ana akamayankha onse pamodzi, wosadziwa amabisala m'mawu a anzake mpaka chaka kutha. Pakhonde pano ana ndi anayi okha, ndizimva pakamwa pa aliyense.

Tagwirizana kuti tizikumana dzuwa likapendeka, theka la ola basi, Lolemba mpaka Lachisanu.

12 Okutobala 2024: bolodi

Achimwene anga, amene ndi amalume a anawa, ndi mmisiri womanga. Ndiwo anatimangiranso khoma la kumbuyo litagwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndiye ndinawapempha kuti atipangire bolodi pa khoma la pakhonde. Thumba lathunthu la simenti sitikanatha, tinagula ya K7,000 yoyeza pa ndowa kwa munthu wina amene akumanga nyumba. Mchenga anatunga ana kumtsinje.

Achimwene anayamba kupulasitala molingana ndi msinkhu wawo. Ndinati, "Achimwene, tsitsani, olembapo ake ndi awa." Tinaimika wa zaka 5 uja pakhoma, n'kuyambira bolodi pa mawondo ake mpaka pamene dzanja la wamkulu uja likufika. Yatuluka mita imodzi ndi theka m'litali, mita imodzi kukwera.

Itauma tinaidetsa ndi makala osinja osakaniza ndi phala lamadzimadzi la ufa wa makaka. Inada bwino ndithu, koma choko chimodzi chinatha polemba mizere itatu yokha chifukwa mchenga unali wokhakhala. Bokosi la choko ndagula K3,000, sitingamaliwononge choncho. Achimwene anasefa mchenga pa neti yakale ya udzudzu, anapakanso pamwamba simenti yosalala, n'kuisalaza ndi supuni yawo yomangira ikadali yonyowa. Tsopano choko chikuyenda bwino. Amene mukupanga yanu, sefani mchenga musanayambe.

26 Okutobala 2024: a, e, i, o, u

Ndinkayesa kuti malembo asanu awa titha nawo m'sabata imodzi. Atigwira masabata awiri, ndipo chifukwa chake n'chimene makolo ambiri timanyadira. Mwana wa achemwali amayimba nyimbo ya "ei, bi, si, di" mpaka kumapeto, anthu n'kumaombera m'manja. Koma ndikalemba a pabolodi iye akuti "ei". Ndikalemba e akuti "i". Ndikalemba i akuti "ai". Ndiye mwana wotere mukamupatsa mawu akuti "ine", awerenga bwanji? Wa zaka 9 uja nayenso mayina a Chingerezi ndi maliwu a Chichewa zasakanikirana m'mutu mwake.

Ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi a mwana wanga ataweruka. Anandilandira bwino, n'kundionetsa buku limene amagwiritsa ntchito pa ndondomeko ya boma yophunzitsira kuwerenga, imene inayamba mu Sitandade 1 mu 2016. Anandiuza kuti, "Mayi, inu musathamangire malembo onse. Yambani ndi liwu, mwana alimve, alitchule, kenako alione, ndipo muzitsata malembo amene tili nawo kuno kuti asasokonezeke." Malangizo amenewa ndawagwira.

Nyimbo ya ei, bi, si taiimika kaye nthawi ya phunziro. Ndinadula malembo akuluakulu kuchokera ku zidutswa za chitenje zotsala posoka, lililonse lalikulu ngati chikhatho changa, n'kuwamata pa katoni. Lembo lililonse lili ndi mawu ake amene ana amawadziwa kale: a ndi ana, e ndi eya, i ndi ine, o ndi ona, u ndi ufa. Ndimabisa lembo pansi pa mphasa, kuseri kwa mtondo kapena m'dengu, n'kutchula liwu, mwana akalifune. Malembo a nsalu ali ndi ubwino wina: mwana amayendetsa chala pamwamba pake, akumva pamene lembo layambira ndi pamene lathera.

16 Novembala 2024: thumba la maphatikizo

Ntchito yaikulu ya mwezi uno ndi iyi. Ndinatenga thumba lakale la feteleza, ndinalichapa ndi sopo mobwerezabwereza n'kuliyanika mpaka fungo litatha, chifukwa ana amaika zala pakamwa. Ndinaling'amba kuti likhale chinsalu chimodzi chotambalala, n'kusokapo mizere isanu ya nsalu yopingasa, mzere uliwonse ndi matumba asanu. Pamwamba ndinapinda n'kulowetsamo nsungwi kuti lizikolekedwa pa msomali pambali pa bolodi. Makadi ndinadula ku makatoni a sopo, K500 pa golosale, ndipo maka yolembera ndagula K1,500. Matumba oyamba anali akuya, khadi likalowa phatikizo limabisika theka. Ndinasokanso mzere wina m'munsi mwa thumba lililonse kuti khadi lizituluka bwino.

Tinayamba ndi m ndi n: ma, me, mi, mo, mu, na, ne, ni, no, nu. Tsiku lachiwiri lokha ana anali atasandutsa kale mzere wonse nyimbo. Ndikaloza ma, iwo afika kale pa mu chala changa chisanasunthe. Vuto lomwe lija la tsamba la m'buku linatitsatira pakhonde. Nyimbo si yoipa, imathandiza kukumbukira, koma mwana akamayimba maso ake sagwira ntchito. Choncho makadi sindikuwaikanso mu ndondomeko. Ndimawasakaniza m'manja, mwana asolole limodzi, alitchule yekha, anzake ali chete. Wakulephera sitimuseka, ndimaphimba mbali ya khadi kuti aone lembo la kumapeto lokha, atchule, kenako ndivundukule lonse.

Kenako kulumikiza. Makadi awiri motalikirana, ma kuno, no uko. Mwana atchule loyamba, atchule lachiwiri, ine ndikuwasendeza pang'onopang'ono mpaka agundane, iye akufulumiza kutchula. Wa zaka 9 uja anati "ma... no... ma, no... mano!" n'kugwira mano ake. Anandiyang'ana modabwa, kenako anayamba kusolola makadi yekha: mame, nama, mono, nena. Tinadutsa nthawi yathu tsiku limenelo, ndipo sindinamuletse. Titawonjezera t, k ndi l mawu achuluka: moto, mutu, tola, luka, kalulu.

Zotayika: thumba linagona panja tsiku lina, mbuzi ya neba inatafuna makadi a mzere wa m'munsi, ndipo mvula yoyamba inafewetsa otsalawo. Ndadula ena. Tsopano tikamaliza, wamkulu uja ndiye amalowetsa zonse m'nyumba, ndi udindo wake.

7 Disembala 2024: masamu

Onse anayi amatha kutchula wanu, thuu, firii mpaka 50. Ndinathira njere 7 za nandolo pamphasa, mwana wanga anawerenga n'kupeza 10, mnyamata wa neba anapeza 6. Pakamwa pamathamanga, chala chikutsalira, kapena chala chikukhudza njere imodzi kawiri. Apanso ndi nyimbo.

Nandolo sanakhalitse. Nkhuku zinkatola, ndipo ndinapeza wa zaka 5 uja akuyesa kulowetsa njere m'mphuno. Musagwiritse ntchito njere zazing'ono ndi ana aang'ono, ndikunena motsindika. Tatola zitsekerero za mabotolo a zakumwa pa malo ogulitsira ku Chitakale, kwaulere, tinazitsuka n'kutaya zadzimbiri ndi zakuthwa.

Chimene chathetsa kuthamanga ndi thireyi ya mazira. Thireyi imodzi ili ndi maenje 30, mizere isanu ndi umodzi ya maenje asanu. Mukaidula mizere iwiriiwiri mumapeza zidutswa zitatu za maenje 10 chilichonse. Amayi ogulitsa mazira anandipatsa awiri akale osalipira. Lamulo ndi lakuti dzenje limodzi chitsekerero chimodzi, ndipo nambala uitchule pokhapokha chitsekerero chagwa m'dzenje. Akamaliza ndimafunsa, "Ndiye zonse zilipo zingati?" Poyamba ankayambiranso kuwerenga kuchokera pa wanu, sankadziwa kuti nambala yomaliza ija ndiyo kuchuluka kwa zonse. Zimenezi zafika pang'onopang'ono. Tsopano mwana wanga akaona mzere umodzi wodzaza ndi ziwiri pansi amangoti 7 osawerenga, ndipo ndikamufunsa maenje opanda kanthu amati 3. Sindinamuuze kuti akuchita masamu ochotsera, koma akuchita.

Amalume awo akabwera madzulo amatulutsa bawo. Ana sadziwabe kusewera kwenikweni, koma amawapatsa ntchito yoika mbewu ziwiriziwiri m'maenje onse 32, ndipo wamkulu uja waphunzirirapo kuwerenga 2, 4, 6, 8. Atsikana akamasewera phada ndimangowauza kuti azitchula mokweza miyala imene atulutsa ndi imene yatsala m'dzenje.

11 Januwale 2025: mvula ndi njala

Bolodi ya makala yalephera. Mvula ya kuno ikamachokera kuphiri imalowa pakhonde cham'mbali, phala la makaka lija linafewa, lakuda lonse linayenderera pansi, ndipo mphemvu zinkabwera usiku kudzanyambita. Tikanadziwa tikanasunga ndalama n'kugula penti pachiyambi pomwe. Ndagula kachitini ka penti yakuda ya bolodi K13,000, neba wathu wathandizapo K5,000. Achimwene anakwecha khoma ndi bulashi ya waya, tinadikira dzuwa, anapaka kawiri. Pepala la pulasitiki lotchinga mbali ya mvula ndi K4,000.

Vuto lalikulu kuposa bolodi ndi m'mimba. Chilala cha chaka chatha chinatisiya ndi nkhokwe zopanda kanthu, moti boma linalengeza mu Malichi 2024 kuti m'maboma 23 muli ngozi, ndipo ino ndiyo miyezi imene zikupweteka. Mnyamata wa neba ankasinza pamphasa. Mwana wanjala simungamuphunzitse phatikizo. Tasintha nthawi, tikukumana akangodya chamasana, ndipo pakapezeka chinangwa chophika kapena nanazi timagawana tisanayambe. Phunziro talifupikitsa.

Ino ndi nyengo imene tiyi amaphuka kwambiri, neba wathu uja akuweruka mochedwa, ndiye wa zaka 9 uja amatsala ndi khanda. Anajomba sabata yathunthu. Ndinapita kukalankhula ndi amayi ake, tagwirizana kuti azibwera nalo khandalo. Amayi anga, amene anawa amawatcha anganga, amalibereka pamene ife tikuphunzira.

8 Febuluwale 2025: kulemba ndi dzanja lamanzere

Sitinayambe ndi pensulo. Tinayamba ndi mchenga wosefa m'lichero lakale, chala chikulemba, ukalakwitsa ugwedeze lichero, zafufutika. Kenako choko pabolodi, malembo akuluakulu kuti dzanja lonse liyende. Pensulo yabwera mwezi uno. Makope akwera mtengo chigwere kwacha mu Novembala 2023, ndiye ndagula awiri a K500 lililonse n'kuwadula pakati ndi sizasi yanga yaikulu, atuluka anayi. Mapensulo awiri a K400 nawonso ndawadula pakati. Zathandiza kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa pensulo yaifupi imakakamiza mwana kugwira ndi zala zitatu, pamene yaitali amaifumbata ndi dzanja lonse. Kusongola ndimachita ndekha, lezala sindipatsa mwana.

Mwana wa achemwali ndi wamanzere. Amayi anga ataona anakana. Anati, "Iwe, mwana ameneyu umuwongole akadali wamng'ono, akakula adzapereka moni ndi dzanja lolakwika." Ndinawamvetsa, chifukwa kwathu kuno kulandira chinthu ndi manzere ndi mwano, ndipo iwo amafunira mdzukulu wawo ulemu. Tinayesa kumupatsa choko kumanja iwo akuona. Mizere inali yonjenjemera, anakwinya nkhope, anaponya choko pansi n'kukana kubwereranso pabolodi. Titamubwezera kumanzere analemba o wozungulira bwino. Ndinati, "Amayi, taonani nokha. Kudya ndi kulandira zinthu timuphunzitsa monga mwa mwambo, alandire ndi manja awiri. Koma kulembaku timusiye." Anakhala chete kanthawi, kenako anati ngati ulemu aziusunga, alembe mmene angathere. Ndikuwathokoza chifukwa anavomera ataona, osati chifukwa chogonja.

Wamanzere ali ndi zovuta zake zimene wamanja saziona. Dzanja lake limadutsa pa zimene walemba kumene, n'kumafufuta choko ndi kudetsa kope. Ndimamupendeketsera kope kuti ngodya ya kumanzere ikwere m'mwamba, dzanja likhale pansi pa mzere. Pamphasa amakhala kumapeto kwa kumanzere kuti chigongono chake chisagundane ndi cha mnzake.

Malembo b ndi d akusokoneza onse atatu aang'onowa, ndipo wamkulu uja nthawi zina amalemba "bengu" pofuna dengu. Kuwaika pamodzi pabolodi n'kumafotokoza kusiyana kwake kunangowonjezera chisokonezo. Chimene chikugwira ndi kuwalekanitsa: sabata ino b yekha, d adikire. Ndipo kalembedwe kake kasiyane kuyambira poyambira. Pa b timayamba ndi ndodo kuchokera pamwamba, kenako mimba. Pa d timayamba ndi kuzungulira monga polemba a, kenako ndodo. Dzanja likazolowera njira ziwirizi, maso amatsatira.

15 Malichi 2025: taima

Mvula ya namondwe wa Jude yatitsekera m'nyumba sabata ino. Tili bwino, khoma lapirira, penti ya bolodi sinasunthe. Koma makadi amene tinawaunjika pansi pakona chiswe chawalowa kuchokera m'dothi, pafupifupi theka latha, ndi malembo a nsalu omwe. Ndagula ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro K6,500 ndi maka ina K2,000. Makadi atsopano akulemba ndi wa zaka 9 uja, ine ndikungoyang'anira. Ena ndi okhota, koma akuwerengeka, ndipo aang'ono akuwakonda chifukwa walemba ndi mnzawo.

19 Epulo 2025: ph, th, kh, ng' ndi buku lathu

Maphatikizo a malembo awiri ana awagwira. Phiri lenileni ndi a malembo atatu ndi anayi: pha, tha, kha, mba, nda, ng'a, mpha, nkha. Chichewa chadzaza ndi amenewa, mwana sangawerenge nkhuku, mphasa kapena ng'ombe popanda iwo.

Pa pa ndi pha ndinagwiritsa ntchito ulusi. Mwana agwire kaulusi kakafupi kolendewera patsogolo pa milomo. Akati "pala" ulusi sugwedezeka kwenikweni, akati "phala" umauluka. Chimodzimodzi tumba ndi thumba, kola ndi khola. Ndinawauza kuti h ameneyu ndi mpweya umene waulutsa ulusi. Anaseka, anapikisana, ndipo tsiku lomwelo atatu anayamba kulemba h pamalo pake. Pa ng' tinasonkhanitsa mawu m'magulu awiri pa thumba lija, ng'ombe, ng'oma, ng'ona mbali ino, ngolo, ngozi, nguwo mbali inayo, n'kumatchula mosinthanasinthana mpaka khutu litagwira. Kachizindikiro ka pamwamba kaja amakaiwala polemba, tikulimbana nako.

Mnyamata wa neba yekha ndiye sankasiyanitsa, ngakhale ndi ulusi. Ndinaona kuti ndikalankhula ali chondifulatira satembenuka, ndipo amapendeketsa mutu mbali imodzi. Nditayang'ana khutu lake linali likutuluka mafinya. Ndinauza amayi ake, anapita naye kuchipatala, analandira mankhwala, ndipo anauzidwa kuti abwererenso akamuonenso. Miyezi yonseyi mwanayu ankaoneka ngati wosamvera, pamene samamva bwino. Tsopano amakhala kutsogolo, mbali ya khutu labwino ili kwa ine, ndipo ndimamuyang'ana kumaso polankhula. Mwana akamatsalira pa maliwu, muoneni makutu musanamukalipire.

Mabuku a nthano a ana m'Chichewa sapezeka kuno, ndipo la kusukulu analoweza kale. Ndiye tapanga lathu. Mapepala oyera ndagula a K2,000. Anganga ananena nthano ya kalulu madzulo, kuyambira "Padangotero", ana akuyankha "Tili tonse". M'mawa mwake ndinailemba mwachidule ndi maphatikizo okhawo amene taphunzira, chiganizo chimodzi pa tsamba: "Kalulu anaona moto." "Kalulu anathawa." Amayi atamva anati ndaichotsa mafuta nthano yawo, nyimbo yake ili kuti? Akunena zoona. Tagwirizana kuti yathunthu ndi nyimbo yake izinenedwa ndi iwo madzulo, ya m'buku ikhale yoti mwana awerenge yekha. Zithunzi ajambula ana.

Kusoka bukulo kunandiphunzitsa china. Ndinapinda mapepala anayi pakati n'kudutsitsa pa makina ndi msoko umene ndimasokera malaya. Mabowo anayandikana kwambiri, mwana atangotsegula masamba anang'ambika motsatira msokowo. Buku lachiwiri ndinaika msoko wautali kwambiri umene makina ali nawo, ndi singano yakale chifukwa pepala limabunthitsa singano, ndipo kumsana ndinaikako kansalu kopyapyala kuti ulusi ugwire nsalu osati pepala lokha. Chikuto ndi katoni yokutidwa ndi chitenje. Limeneli lapirira manja a ana anayi. Tili ndi mabuku atatu tsopano.

24 Meyi 2025: okala

Tatsegula okala ya masewera pakhonde: mapaketi opanda kanthu a machesi, sopo, mchere ndi tiyi. Ndinadula ndalama za pepala n'kulembapo K50, K100, K200, K500 monga zenizeni. Kwa aang'ono atatu sizinayende. Manambalawa ndi akulu, mwana amene akulimbana ndi 8 kuchotsapo 3 sangabweze chenji pa K500. Koma kuwauza kuti sopo ndi K5 anakana, amadziwa mitengo, amatumidwa ku golosale tsiku ndi tsiku.

Tathetsa poti ndalama ya okala yathu ndi zitsekerero. Machesi zitsekerero 2, mchere 3, sopo 6. Wogula amapatsidwa 10 m'thireyi yake, agule, anene zatsala zingati asanawerenge, kenako awerenge kuti atsimikize. Wogulitsa alembe pabolodi 10 − 6 = 4. Apa ndi pamene chizindikiro chochotsera chayamba kutanthauza kanthu kwa iwo. Ndalama za pepala zatsalira wa zaka 9 uja, amene ndi mwini sitolo yaikulu yopikulitsa. Iye akuwerenga mazanamazana bwinobwino, ndipo anandifunsa kuti mayi ali pa K200 ndi ndani. Ndinamuuza kuti ndi Rose Chibambo, mmodzi mwa amene anamenyera ufulu wa dziko lino, ndipo analemba dzinalo m'kope mwake yekha, kungofunsa za R wamkulu.

Mapaketi ali ndi phindu linanso, ana akuyesa kuwerenga zolembedwapo. Zambiri ndi za Chingerezi, amazitchula mwa Chichewa, ndipo pakadali pano sindikuwakonza kwambiri. Bokosi lachiwiri la choko ndagula K3,700.

28 Juni 2025: pamene tafika

Chiperoni chafika, phiri silikuoneka, pakhonde pakuzizira moti zala za ana zikuuma pogwira pensulo. Tasamukira kukhitchini pafupi ndi moto, thumba la maphatikizo talikoleka kutali ndi utsi, bolodi tikuigwiritsa ntchito dzuwa likatuluka. Choko chikanyowa ndi chinyezi sichilemba, ndimachisunga m'ndowa ija pamodzi ndi makadi.

Ndalama zonse kuyambira Okutobala zakwana K45,000, kuphatikizapo K5,000 ya neba. Zazikulu ndi penti, simenti ndi ndowa. Zimene zagwira ntchito kwambiri, thumba la feteleza, zitsekerero, mathireyi a mazira, ulusi ndi lichero, sizinadye ndalama.

Wa zaka 9 uja akuwerenga tsamba limene sanalionepo, pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu, ndipo ndikamufunsa zimene wawerenga amafotokoza. Mawu ataliatali monga "anawathamangitsa" amamugwetsabe, timawadula ndi chala phatikizo ndi phatikizo. Mwana wanga akuwerenga mabuku athu atatu ndipo akuphatikiza ndi kuchotsera mpaka 20 ndi mathireyi awiri, koma popanda thireyi amasochera akadutsa 10. Mnyamata wa neba khutu lauma, akuthamangira anzake, ali pa maphatikizo a malembo awiri. Wamanzere uja akulemba dzina lake, d akumutembenuzabe, ndipo poti alowa Sitandade 1 mu Sepitembala ndikufuna ndikaonane ndi aphunzitsi ake sukulu ikangotsegulira kuti adziwe za dzanja lake.

Vuto latsopano ndi lakuti amayi ena atatu apempha kuti ana awo azibwera. Ndikawalandira onse tikhala asanu ndi awiri kapena kuposa, ndipo ndikuopa kuti kuyankha pamodzi kuja kuyambiranso, ine osamvanso pakamwa pa aliyense. Ndawauza kuti abwere iwo eni Loweruka likudzali ndi matumba a feteleza ochapa, ndiwasokere matumba a maphatikizo, tidule makadi limodzi, ndiwaonetse kasakanizidwe kake kuti aliyense akayambe pakhonde pake. Mmodzi wa iwo sadziwa kuwerenga, ndiye mwana wake yekhayo ndimutenga, ndipo mayiyo wapempha kuti azikhala nawo pamphasa. Achimwene avomera kupanga bolodi yachiwiri kwa amene apeze simenti, penti yotsala m'kachitini ikwana kupaka kamodzi, ina tigula tikagulitsa nandolo.